Benzini, Mlendo Wobisala m'Petulo

Anzanga, kodi munanunkhizapo petulo? Ena amati fungo lake ndi lokoma. Koma m'fungo limenelo muli mankhwala otchedwa benzini. M'mabuku amalemba kuti benzene. Lero timudziŵe bwino mlendo ameneyu, kuti tidziteteze.

Anamupeza ndani?

Munthu woyamba kupeza benzini anali Michael Faraday wa ku London, m'chaka cha 1825. Anamupeza m'mafuta otsalira ku gasi woyatsira nyale. Benzini amaoneka ngati madzi, koma sachedwa kuuluka n'kusakanikirana ndi mpweya. Amaŵira pa madigiri 80. Akagwira moto amafuka utsi wakuda bii.

Mapangidwe ake

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timeneti ndi maatomu. Kachidutswa kamodzi ka benzini kali ndi maatomu 6 a kaboni ndi maatomu 6 a haidrojeni. Mwachidule amalemba C6H6.

Tayerekezani anthu asanu ndi mmodzi atagwirana manja mozungulira ngati pabwalo la gule. Aliyense wabereka mwana kumbuyo. Akuluwo ndiwo kaboni, anawo ndiwo haidrojeni. Amene anafotokoza zoti maatomuwo amazungulira chonchi ndi August Kekulé wa ku Germany, m'chaka cha 1865. Pambuyo pake iye ananena kuti nzeruzi zinamubwerera atalota njoka ikudziluma kumchira.

Bwalo losalekana

Manja onse m'bwaloli agwirana ndi mphamvu yofanana. Palibe pofooka. N'chifukwa chake mankhwala ena akakumana ndi benzini, kaŵirikaŵiri bwalo silimasuka ayi. Chimachitika n'chakuti mwana mmodzi amatsika, pamalo pake n'kukwerapo wina. Tsono dzina limasintha.

Pakakwera kaboni mmodzi ndi haidrojeni atatu, dzina limakhala toluene. Ameneyu amapezeka m'thina wosungunulira penti ndi m'guluu wina.

Pakakwera okosijeni mmodzi ndi haidrojeni mmodzi, dzina limakhala phenol. Dokotala Joseph Lister analemba m'chaka cha 1867 za mmene ankagwiritsira ntchito phenol popha majeremusi m'mabala.

Mabwalo aŵiri akalumikizana, dzina limakhala naphthalene, mankhwala oyera aja othamangitsa njenjete m'zovala.

Akatswiri amaŵerenga malo a m'bwalo kuyambira 1 mpaka 6. Alendo aŵiri akakhala pa malo 1 ndi 4, ndiye kuti apenyana, wina uku wina uko. Kukhala kotere amakutcha para. Mawu ameneŵa ndi omwe ali kumayambiriro kwa dzina la paracetamol, amene ambirife timati panado.

Banja lonseli amalitcha aromatic, kutanthauza kuti onunkhira, chifukwa ena oyamba kudziŵika anali ndi fungo labwino. Masiku ano dzinali limanena za bwalo lija, osati fungo.

Chenjerani

Musaope panado chifukwa chakuti muli bwalo. Mlendo akasintha, khalidwe la mankhwala limasinthanso. Koma benzini payekha ndi poizoni. Ali m'petulo ndiponso mu utsi wa fodya. Amaloŵa m'thupi tikamapuma, tikameza, ngakhalenso kudzera pakhungu. Akachuluka, mutu umaŵaŵa ndipo munthu amachita chizungulire. Kumupuma kwa nthaŵi yaitali kumawononga m'kati mwa mafupa, mmene magazi amapangidwa. Mapeto ake ndi kuchepa kwa magazi, mwinanso khansa ya m'magazi.

Tsono kumbukirani izi:

1. Musayamwe petulo ndi pakamwa pomupopa ndi paipi.
2. Musasambe m'manja ndi petulo. Sopo ndi madzi n'zokwanira.
3. Musasunge chigubu cha petulo m'nyumba yogona kapena pafupi ndi moto.
4. Popenta, tsekulani zitseko ndi mazenera.
5. Musasute fodya, makamaka pamene pali ana.

Mukabwerera kunyumba, kaŵerengereni anzanu phunziroli, makamaka amene amagwira petulo tsiku ndi tsiku.

Mafunso

1. Kodi benzini anapezeka m'chaka chanji?
2. Lembani m'kope lanu C6H6. Kodi manambalawo akutanthauza chiyani?
3. Jambulani bwalo lija ndipo muonetse malo 1 ndi 4.
4. Tchulani njira ziŵiri zodzitetezera.