Mitanda ndi Nsanamira: Phunziro kwa Alimi a ku Nkhata Bay

Munthu wochokera ku Nkhata Bay kunka ku Chintheche awoloka mtsinje wa Luweya pa mlatho. Malole olemera apita pamenepo usana ndi usiku, koma mlathowo sugwa. Nzeru yake ndi yomweyo imene iimika chigafa cha fodya ndi nkhokwe ya chimanga: mitanda yogona ilandira katundu nimtula pa nsanamira, ndipo nsanamira zimtsitsira m'nthaka. Tifuna kuti mlimi aliyense adziwe ntchito ya ziwirizi asananole nkhwangwa.

Tiyambe ndi mtanda. Tengani bango laliwisi, mulipinde. Mudzaona kuti mbali ya m'kati ikwinyika, ndipo ya kunja ing'ambika. Mtanda ukasenza katundu uchita chimodzimodzi: pamwamba upanikizika, kunsi ukokeka. Chifukwa chake musaseme kunsi kwa mtanda chapakati, ndipo mbali yokhala ndi mfundo iyang'ane kumwamba, pakuti kuthyoka kuyambira kunsi.

Mphamvu ya mtanda ili m'msinkhu wake. Thabwa la mainchesi 2 kwa 6, mukaliimika cham'mbali, lisenza katundu katatu kuposa mukaligoneka chafulati. Amisiri a milatho adziwa zimenezi. Ndicho chifukwa chake mitanda yao yachitsulo iumbidwa ngati chilembo cha I: chitsulo chambiri achiika pamwamba ndi kunsi, pamene pali ntchito yaikulu. M'mtanda wa konkire, zitsulo zofunika kwambiri zikhala cha kunsi, popeza konkire ipirira kupanikizika koma siipirira kukokeka. Milatho ya Bailey imene tiiona pa mitsinje yambiri ya m'Malawi inakonzedwa ndi Donald Bailey wa ku Britain pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Mbali zake zachitsulo ndizo mitanda yake, ndipo pofuna kuulimbitsa asanjikiza zina pamwamba pa zinzake.

Kumbukiraninso kuti mpata ukakula, mtanda ufooka. Mukatalikitsa mpata kawiri, mtanda womwewo ungosenza theka la katundu woikidwa pakati pake. Fodya wongothyola kumene ngolemera kwambiri, pakuti magawo 8 mwa 10 a tsamba laliwisi ndi madzi. Kuli bwino kuwonjezera nsanamira imodzi kusiyana ndi kutola fodya wa chaka chonse m'matope.

Tsopano za nsanamira. Nsanamira yaitali ndi yoonda siphwanyika, koma ipindika pakati nigwa mwadzidzidzi. Mukaitalikitsa kawiri, isenza gawo limodzi lokha mwa magawo 4 a katundu wake woyamba. Sankhani mitengo yowongoka ndi yonenepa, ndipo pa ngodya zonse mangani mitengo yopingasa kuti chigafa chisapendeke ndi mphepo ya mwera. Dera la Nkhata Bay lili m'gulu la madera a mvula yambiri m'dziko lino, ndipo chinyezi ndi chiswe zidya nsanamira polekeza nthaka. Sendani makungwa, umitsani mtengo, pakani mankhwala a chiswe kutsinde, ndipo chaka ndi chaka bayani tsindelo ndi mpeni kuti muone ngati lafumbwa. Bulugamu wa m'munda mwanu akwanira. Mitengo ya m'nkhalango za Boma siidulidwa popanda chilolezo.

Pomanga ulalo wa pa kamtsinje ka m'mudzi, funsani akuluakulu pamene madzi osefukira amalekeza, ndipo mitanda ikhale pamwamba pa malowo. Mitu yake igone pa miyala yoyalidwa bwino, kutali ndi gombe logumuka. Ulalo ukapita ndi madzi, mbewu zanu sizifika kumsika, ndiponso wodwala safika kuchipatala.

Ntchito imeneyi njoyenera chilimwe, mitsinje itaphwa. Kambiranani ndi a nyakwawa ndiponso mlangizi wa m'dera lanu, mugwirire pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.