Kuphunzitsa za Khansa ya Kummero: Fanizo la Buku Lomatidwa

Mau oyamba

Malaŵi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero, ya m'njira yodzera chakudya, imapezeka kwambiri pa dziko lonse lapansi. Tsono ife odzaphunzitsa m'boma la Phalombe, kaya ku Migowi kaya ku Chiringa, tidziŵiretu kuti m'kalasi mungakhale mwana amene kwao kuli munthu wolephera kumeza nsima, ndipo abale akuganizirana ufiti.

Zoyenera kudziŵa mphunzitsi

M'maselo a thupi lathu muli DNA, imene ili ngati buku la malangizo. Masamba a bukuli ndiwo majini. Nthaŵi zina zilembo sizisintha konse, koma timankhwala totchedwa methyl timamatirira pa jini, selo n'kuleka kuiŵerenga. Phunziro la kusintha kotereku limatchedwa epigenetics, dzina limene Conrad Waddington analiyambitsa m'chaka cha 1942.

Jini yotchedwa p16 imaletsa maselo kuchulukana mosalekeza. Kaŵirikaŵiri m'khansa ya kummero jiniyi imapezeka itatsekedwa motero, ndipo chotupa chimakula popanda choletsa. Chopatsa chiyembekezo n'chakuti chomatidwa chimamatulika. Mankhwala a azacitidine, amene analoledwa ku America mu 2004, amachepetsa methyl pa DNA mwa odwala matenda ena a magazi. Koma pa khansa ya kummero njirayi ikali m'kafukufuku.

Kaphunzitsidwe

1. Titenge kope lakale, pa tsamba limodzi tilembepo kuti "Lekani kuchulukana", kenaka tilimate ku linzake ndi phala pang'ono m'mphepete.
2. Mwana mmodzi afunefune lamulolo. Akalephera, tifunse kalasi: kodi mauwo afufutika?
3. Timatule tsambalo, mwanayo aŵerenge mokweza.
4. Ana atchule zimene zimaonjezera ngozi ya nthendayi: fodya wosuta, moŵa monga kachasu, ndi kumwa tiyi kapena phala la moto kwambiri.

Chenjezo

Tisalonjeze ana kuti mankhwala ochiza onse apezeka, ndiponso tisatchule banja la munthu aliyense. Mau oti apite nawo kwao ndi amodzi: munthu amene chakudya chayamba kumuima pakhosi, nayambanso kuonda, apite kuchipatala msanga, asadikire kufikira madzi omwe atakanika. Kumeneko angamtumize ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuti akamuunike kummero.