Mwana wanga wamangidwa pomenya mkazi wake, ndimuthandize bwanji?

Azakhali,

Ndine mayi wamasiye wa ana anayi. Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 22 ndipo amachita kabaza wa njinga yamoto. Anakwatira chaka chatha, pano ali ndi khanda la miyezi isanu. Sabata ino anakangana ndi mkazi wake pa nkhani ya mauthenga amene mkaziyo anawapeza mufoni mwake. Iye akuti mkaziyo ndiye anayamba kumukanda kumaso n'kumenyetsa foni pansi. Atapsa mtima anamumenya mpaka diso linatupa, dzino limodzi n'kuchoka. Anthu oyandikana nawo ndiwo anaitana achitetezo cham'dera, n'kupita naye kupolisi.

Lero ndi tsiku lachinayi ali m'chitokosi ndipo kukhoti sanapitebe. Bambo wina amene amapezekapezeka kupolisiko wandiuza kuti ndikapeza K150 000 nkhaniyi ithera pomwepo. Abale akuti ndipite ndi ankhoswe kwawo kwa mpongozi wangayo tikamupemphe kuti akathetse mlandu, popeza za m'banja sizipita kuboma. Malemu bambo ake a mwanayu nawonso ankandimenya koma sindinawamangitse, ndipo banja linakhala mpaka imfa. Mwanayu ndi wofatsa, sanayambe wamangidwapo. Ndikuopa kuti tsogolo lake lathera pomwepa. Nditani?

Mayi wosowa tulo,
Lilongwe

Amayi anzanga,

Pepani kwambiri. Palibe mayi amene angagone mwana wake ali m'chitokosi, ndipo simukulakwa kufuna kumuthandiza. Munthu aliyense woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wodziteteza, ndipo malamulo amamutenga ngati wosalakwa kufikira khoti litagamula. Koma njira ziwiri zimene mwauzidwazo, ya ndalama ndi yokapempha mpongozi, zonse zingomuonjezera mavuto.

Tiyambe ndi zachangu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa tsiku limene makhoti sagwira ntchito, akaonekere pa tsiku loyamba la ntchito. Masiku anayi ndi ambiri. Mawa m'mawa pitani mukafunse mwaulemu kwa mkulu wa polisiyo kuti mwana wanu akumuimba mlandu wanji komanso apita liti kukhoti. Mufunsenso za belo. Belo ya apolisi ndi yaulere. Akakana, mwanayo angathe kupempha yekha belo kwa majisitireti pa tsiku loyamba lomwelo. Konzani anthu awiri odalirika, okhala ndi zitupa za unzika ndi malo odziwika, oti akamuimire.

Bambo wa K150 000 uja mutalikirane naye. Kupereka ziphuphu ndi mlandu pawokha, ndipo mudzapezeka nonse awiri, mayi ndi mwana, mukuyankha milandu. Nthawi zambiri ndalamazo zimangodyedwa, mlandu uli chilili.

Ngati simungathe kulipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Ku Lilongwe komweko ofesi yawo ilipo, ndipo ntchito yawo ndi yoimira anthu osowa. Kulinso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera zitokosi za apolisi, makhoti ndi ndende, kufotokozera omangidwa momwe milandu imayendera. Mukamuona mwana wanu mumuuze kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asasayine sitetimenti imene sanaiwerenge kapena kuwerengeredwa m'chinenero chimene amamva. Ngati mabala okandidwa aja alipodi, apemphe kuti aonedwe kuchipatala ndi kulembedwa asanapole.

Tsopano mumve kukula kwa nkhaniyi, chifukwa sindifuna kukunamizani. Pa zaka 22 mwana wanu ndi wamkulu pamaso pa malamulo. Khoti la ana limathera pa amene sanakwane zaka 18. Lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 ndi limene limapatsa mpongozi wanu mwayi wopempha khoti kuti liletse mwamuna wake kumuyandikira kapena kumuopseza. Koma kumenyako kumazengedwa ndi malamulo a milandu ya upandu, a Penal Code. Kumenya munthu n'kumuvulaza chilango chake chimatha kufika zaka 5 m'ndende, pomwe kumuvulaza modetsa nkhawa chimatha kufika zaka 14. Lipoti la kuchipatala ndilo lidzathandiza kuonetsa mlandu umene agwere, ndipo dzino lochoka si chinthu chimene khoti lingachione mopepuka.

Zoti mkaziyo ndiye anayamba, loya wake azimve zonse, ndipo khoti lidzaziganizira. Koma kudziteteza kumene malamulo amavomereza ndi kongokwanira kuti munthu apulumuke pa ngozi. Kukandidwa kumaso ndi kuswekeredwa foni sikungafanane ndi zibakera zochotsa dzino mayi woyamwitsa. Kupsa mtima sikumasula munthu pa mlandu womenya, ngakhale kumatha kupeputsa chilango.

Chimene chingamuthandize kwenikweni ndi ichi. Ndi wamng'ono, ndipo ndi koyamba kupalamula. Malamulo athu amauza makhoti kuti asathamangire kutsekera m'ndende munthu wopalamula koyamba ngati pali njira ina yoyenera, monga kumupatsa chilango choimikidwa kaye kapena kugwira ntchito zothandiza anthu. Wovomera mlandu moona mtima, osatayitsa khoti nthawi, nayenso amachepetseredwa chilango. Sindikulonjeza kuti zidzatero, chifukwa kukula kwa mabala kumalemera kwambiri pa chigamulo. Asavomerenso mlandu pongofuna kutuluka msanga asanamvetse chimene akuvomeracho. Ayambe walankhula ndi loya kapena mlangizi, chifukwa mbiri ya mlandu imadzatulukira patsogolo pofuna kalata ya polisi yofunsira ntchito.

Nkhani ya mpongozi wanu ndi imene ndikufuna tikhalitsepo. Mlanduwu si wake woti angoutenga n'kuubweza. Ndi wa boma, iye ndi mboni. N'zoona kuti pa milandu ing'onoing'ono ya kumenyana khoti limatha kulimbikitsa kuti anthu agwirizane, koma womaliza kunena ndi khoti, ndipo pamene munthu wavulala chotere njira imeneyo ndi yopapatiza. Mukapita gulu kwawo kukamuumiriza, oimira boma angathe kuuza khoti kuti abale a womangidwa akusokoneza mboni. Pamenepo belo imakanidwa, kapena kulandidwa ngati inaperekedwa, mwana wanu n'kukadikira mlandu wake kundende ya Maula.

Koma ngakhale pakanapanda lamulo, ndikanakuletsanibe. Taganizani mtsikanayo ali pamphasa kwa mayi ake, diso lotupa, khanda kubere, kenaka apongozi ndi ankhoswe afika, osati kudzamuona mmene wadzukira koma kudzamuuza kuti tsogolo la amene anamumenyayo lili m'manja mwake. Akavomera chifukwa cha manyazi, mwana wanu aphunzirapo kuti akamenya, akuluakulu amabwera kudzakonza. Ankhoswe ali ndi ntchito yawo yolemekezeka, yokambirana za banjali ngati mtsikanayo adzafune kutero mwa kufuna kwake. Ntchito yawo si yofufuta umboni.

Mwalemba za malemu amuna anu mwachidule, ngati nkhani yodutsa. Ine mawu amenewo ndi amene andikhudza koposa. Munapirira zimene simunayenere kupirira, mwina chifukwa nthawi imeneyo kunalibe kothawira, ndipo alangizi ankati kumenya ndi mankhwala a banja. Sindikukuweruzani ngakhale pang'ono. Koma mwana wofatsayu anakulira m'nyumba imeneyo. Ankamva, ankaona, ndipo anaona kuti m'mawa mwake moyo unkapitirira ngati palibe chachitika. Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ana a m'nyumba zimenezo ndi amene akukwatira lero. Chonde musapemphe mpongozi wanu kusenza mtolo umene inu munasenza.

Inu ndinu munthu amene mwanayu angamumvere kuposa wapolisi kapena majisitireti. Mukamupititsira chakudya, musangomuuza kuti asadandaule mumutulutsa. Mumuuze mmene zinkakuwawirani bambo ake akamakumenyani, zinthu zimene mwina simunamuuzepo. Mumuuze kuti mudzakhala naye kukhoti tsiku lililonse, koma kuti zimene anachita n'zolakwa. Akatuluka, apeze uphungu wa momwe angaugwirire mtima. A Victim Support Unit kupolisi ndi a ofesi yosamalira anthu ya boma angakulozereni kopita, ndipo atsogoleri a mpingo kapena mzikiti amene samachepetsa nkhanza angathandizenso. Khoti likamva kuti wayamba kale kufuna thandizo, zimamuikira kumbuyo pa nthawi yopempha kuti chilango chichepe.

Akapatsidwa belo, azikhala kwa inu. Muonetsetse kuti akukasayina kupolisi pa masiku amene auzidwa, ndipo ngati khoti lamuletsa kulankhula ndi mkazi wake, asamuimbire, asamutumizire uthenga pa WhatsApp, asatumenso mnzake. Njinga ija isaime. Mupeze munthu wokhulupirika aziyendetsa, chifukwa khanda likufunika sopo, zovala ndi chakudya cha mayi ake, ndiponso pali ndalama za kuchipatala. Thandizolo muzilipereka kudzera kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, muzilemba tsiku ndi kuchuluka kwake, ndipo wopititsayo asakatchuleko za mlandu.

Azakhali