Dziwani ufulu wanu: ana ozembetsedwa ku Mchinji

Ku Mchinji, wozembetsa ana sabwera ndi mfuti. Amabwera ndi lonjezo la njinga kapena malipiro a pakutha pa chaka, kenaka mwana amapezeka akuweta ng'ombe kapena kusoka fodya ku esiteti, mwina kutsidya kwa malire, cha ku Chipata.

Bungwe la Salvation Army lakhala likulandira ana opulumutsidwa otere m'bomali, kuwabwezera kusukulu ndi kuwaphunzitsa ntchito zamanja.

Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 silinyengerera. Wozembetsa mwana angathe kukagwira ukaidi mpaka zaka 21, ndipo kunena kuti mwanayo anavomera yekha sikungamupulumutse kukhoti.

Aliyense woona zoterezi akanene ku Victim Support Unit ya polisi, kapena aimbe 116, nambala yaulere.