SUNGANI MADZI M'DAMBO LANU

Alimi a ku Mikolongwe, dothi lakuda la m'madambo mwathu ndi udzu ndi bango zimene zinafa kalekale, koma madzi anaziletsa kuwoleratu. Mukakumba ngalande zakuya madzi amatsika, mpweya n'kulowa m'nthaka. Pamenepo tizilombo tosaoneka ndi maso timadya dothilo, ndipo chonde chimauluka ngati mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko. Dimba limatitimira, limasanduka fumbi, ndipo moto wa m'chilimwe umanyeka pansi masiku ambiri.

Chotero tsekani ngalandezo ndi miyala ndi zibuma kuti madzi akwerenso kufupi ndi pamwamba. Koma asasefukire, pakuti madzi ongoima amatulutsa mpweya wina woipa wotchedwa methane. Bzalani ndiwo zanu pa mitumbira. Musatenthe dambo.