TIZISUMBU TA MIDWAY

Mukatenga mapu a dziko lonse ndi kuyang'ana nyanja yaikuru ya mcere, dzina lake Pacific, mudzaona timadontho tating'ono pakati pa America ndi Japan. Timeneti ndi tizisumbu ta Midway. Tiri pa mtunda wa makilomita oposa 2,000 kucokera ku mzinda wa Honolulu, ndipo kulibe phiri kapena mtsinje, koma mcenga woyera ndi mbalame zosawerengeka. Ngakhale malowa atalikira midzi ya anthu, zoipa ziwiri zocokera kwa anthu zinafikako, ndipo zonse ziwiri zitiphunzitsa kuti cimene munthu ataya m'nyanja sicitha msanga.

Coipa coyamba cinali nkhondo. Pa 7 December 1941 ndege za Japan zinaphulitsa zombo za America pa doko la Pearl Harbor, ndipo maiko awiriwa analowa m'nkhondo. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira pa 4 kufikira pa 7 June 1942, zombo zao zinamenyana pafupi ndi Midway. Japan anataya zombo zinai zazikuru zonyamula ndege, maina ake Akagi, Kaga, Soryu ndi Hiryu. America anataya cimodzi cotere, dzina lake Yorktown.

M'masiku anai okhawo anafa anthu a Japan oposa 3,000 ndi a America oposa 300. Ambiri anali anyamata. Ena anapsa ndi moto m'kati mwa zombo, ena anamira, ndipo abale ao sanaone mitembo yao kuti aiike m'manda. Akuru a nkhondo a Japan anabisira anthu ao za kugonjaku. Opulumuka amene anabvulala anawatsekera m'zipatala, osalola acibale kudzawaona. Nkhondoyo inapitirira mpaka 1945, ndipo asilikari a dziko lathu, limene nthawi imeneyo linali Northern Rhodesia, anakamenyana ndi a Japan ku nkhalango za Burma. Zombo zomira ziri gone pansi pa nyanja kufikira lero. Yorktown anaipeza m'caka ca 1998, ndipo Kaga ndi Akagi anazipeza m'caka ca 2019.

Eni ake a tizisumbuti ndiwo mbalame zazikuru za m'nyanja, dzina lake albatross. Ikatambasula mapiko ake atalika pafupifupi mamita awiri. Imauluka miyezi yambiri pamwamba pa madzi osatera pa mtunda, ndipo ikabwera kudzaswa iikira dzira limodzi lokha. Ndi mbalame yokhala ndi moyo nthawi yaitali. Ina, imene anaipatsa dzina lakuti Wisdom, anaibveka mphete ku mwendo m'caka ca 1956, ndipo m'caka ca 2024 inaikiranso dzira iri ndi zaka zoposa 70.

Asilikari a America anatseka kampu yao ya ku Midway m'caka ca 1993, ndipo malowa tsopano ndi osungirako mbalame. Koma nyumba zimene anasiya zinali zopakidwa utoto wokhala ndi mtobvu. Utotowo unasupuka ndi kugwera pansi, anapiye natola tizidutswa take. Ambiri analefuka mapiko, osatha kuuluka, nafa. Panatenga nchito ya zaka zambiri kucotsa utoto umenewo.

Coipa caciwiri cifika popanda phokoso la mfuti, ndico pulasitiki. M'caka ca 1950 mafakitale a dziko lonse anapanga matani pafupifupi 2 miliyoni a pulasitiki. Masiku ano apanga matani oposa 400 miliyoni caka ciri conse. Pulasitiki ndi wopepuka, wotsika mtengo, ndiponso saola monga dengu kapena cikho. Akagwa m'nyanja ayandama, ndipo madzi a Pacific, amene ayenda mozungulira ngati phala lotakasidwa mumphika, amsonkhanitsa ndi kumtengera kufupi ndi Midway.

Albatross idya nyama zofewa za m'nyanja ndi mazira a nsomba oyandama pamwamba pa madzi. Ikaona cotsekera botolo cofiira kapena kacidutswa ka mswaci, iyesa cakudya nimeza. Pajatu akuru anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ikafika ku cisa ibzikula zonse zimene yameza ndi kudyetsa mwana wake. Mimba ya kamwanako idzala ndi zinthu zosagayika, malo a cakudya nacepa, ndipo ena afa ndi njala kapena ludzu mimba iri yodzaza. Anthu osunga mbalame akapeza mtembo wa mwanapiye woola, kawirikawiri aona nthenga ndi mafupa zitazinga mulu wa zotsekera mabotolo ndi zoyatsira fodya. Mbalame yatha, koma pulasitiki ali cikhalire.

Kapena wina mwa inu adzati, "Ife a ku Zambia tiribe nyanja ya mcere, nanga nkhaniyi itikhudza bwanji?" Yang'ananinso mapu. Mvula ikagwa ikokolola zinyalala za pa msika ndi za m'mbali mwa mseu kulowa nazo m'makwawa. Makwawa athira m'mitsinje monga Luangwa ndi Kafue, iyo nithira mu Zambezi, ndipo Zambezi athira m'nyanja ya Indian ku dziko la Mozambique. Botolo lotayidwa kwathu kuno likhoza kukafika kumene kuli akamba ndi mbalame za m'nyanja. Ngakhale lisanafike kutali, matumba a pulasitiki atseka ngalande za madzi ndi kupha ng'ombe ndi mbuzi zimene ziwameza.

Cotero, ana inu, popita ku msika tengani dengu kapena thumba la nsaru. Botolo limene latha nchito musaliponye m'ngalande kapena mumtsinje, koma liikeni m'malo oikamo zinyalala.

MAFUNSO

1. Kodi tizisumbu ta Midway tiri m'nyanja iti?
2. Ndi mabvuto otani amene anagwera asilikari ndi abale ao m'caka ca 1942?
3. Fotokozani m'mene pulasitiki alowera m'mimba mwa mwana wa albatross.
4. Jambulani mapu osonyeza njira ya madzi kucokera ku mtsinje wa kwanu mpaka ku nyanja ya mcere.