Chizungulire cha wodwala impso: mmene mungachilondolere pakhomo

Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo mupume mozama pang'onopang'ono. Mtima wa munthu wathanzi umafulumirako pokoka mpweya, n'kubweza liwiro potulutsa. Sugunda ngati wotchi. Kusinthasintha kumeneku, kumene madokotala amati HRV, n'kwabwino: kumasonyeza kuti mitsempha yochokera ku ubongo, imene imayendetsa mtima, thukuta ndi m'mimba ife osadziwa, ili tcheru. Mitsemphayi ili pawiri, ina yothamangitsa mtima, ina youkhazika pansi.

Impso zikafooka kwa nthawi yaitali, zoipa zotsalira m'magazi zimawononga mitsempha imeneyi, ndipo impsozo zimatumiza uthenga ku ubongo wokolezera mbali yothamangitsa ija. Ngati pali shuga, ndiye kuipiratu. Mtima umayamba kugunda mofanana, n'kumachedwa kuyankha thupi likafuna magazi msanga. Mayi adzuka pamphasa m'mawa, m'maso mwada bii, agwira khoma. Apabanja amati ndi njala. Zimandipweteka kumva choncho, chifukwa HRV yotsika imayendera limodzi ndi chiopsezo chachikulu cha imfa yobwera ndi mtima. HRV yeniyeniyo imayezedwa ndi makina a ECG kuchipatala, koma mapazi ake mungawaone pakhomo.

Yambani ndi kope. M'mawa uliwonse, musanamwe tiyi, werengani kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, mulembe. Kwa wamkulu amene akupumula, kumakhala pakati pa 60 ndi 100. Mankhwala ngati atenolol amauchedwetsa, choncho lembaninso zimene mukumwa.

Chachiwiri ndicho chenicheni, ndipo chimafuna makina oyezera BP ndi munthu woima pambali. Gonani chagada mphindi 5, muyeze. Imirirani, muyezenso pakatha mphindi imodzi, kenako pakatha mphindi 3. Ngati nambala yam'mwamba yatsika ndi 20 kapena kuposa, kaya yam'munsi ndi 10, thupi likulephera kukweza magazi kumutu mukaima. Yang'ananinso mtima pamakinapo. Ukafulumira kwambiri, mwina madzi achepa m'thupi. Ukangokhala momwemo BP ikugwa, mitsempha ija ndiyo yokayikitsa. Mukayamba kuona chidima, khalani pansi pomwepo, musalimbire kuti mumalize. Kopelo pitani nalo kwa dokotala, ndipo musasiye nokha mankhwala a BP ngakhale manambala akuopseni, poti BP yokwera ndiyo imamaliza impso.

Podzuka, musavumbuluke. Khalani kaye m'mphepete mwa bedi, mugwedeze mapazi, mufinye akatumba a miyendo, kenako muime. Usiku popita kukataya madzi ndiye posamala koposa. Pewaninso kusamba madzi otentha kwambiri ndi kuima nthawi yaitali padzuwa.

Anthu ena a chizungulire chotere amauzidwa kuti awonjezere mchere ndi madzi. Malangizo amenewo si anu. Kwa wodwala impso, mchere umatupitsa miyendo ndi kulemetsa mtima. Bungwe la WHO limati ngakhale wathanzi asafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma ndi timibulu tokometsera ndiwo. Za madzi, tsatani muyeso umene anakupatsani kuchipatala. Brufen, Indocid ndi diclofenac musamwe popanda dokotala.

Amene mumasefedwa magazi pa makina a dialysis, kaya ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Mukabwera ndi madzi ambiri m'thupi, makina amayenera kuchotsa ambiri m'maola ochepa, ndipo mitsempha yofooka silimbana nazo: BP imagwa, miyendo imakokana, nseru imabwera. Uzani anamwino mukangoyamba kuyasamula kapena kutuluka thukuta lozizira, asanaone okha. Akhoza kuchepetsa liwiro lochotsera madzi kapena kuziziritsako madzi a m'makina. Ngati BP imakugwerani kawirikawiri, musadye nsima muli pamakina, poti magazi amathamangira m'mimba.

A shuga, dziwani kuti mitsempha ikawonongeka, shuga amatha kutsika popanda kunjenjemera kuja munazolowera, choncho muziyeza, osadalira kumva m'thupi. Koma mukakomoka, chifuwa chikathina, mpweya ukamabanika, kapena mtima ukamagunda modumphadumpha kaya kutsika pansi pa 50 muli ofooka, musadikire tsiku la kiliniki. Pezani galimoto nthawi yomweyo, kope lija m'thumba.